Juzi ya mng'ono wanga

Mng'ono wanga anabwera kudzakhala kwathu ku Bangula atangolemba mayeso a folomu folo, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kumudzi kwa Nyachikadza madzi anali atagwetsa nyumba ya mayi, malo ogona anachepa, ndiye ndinamuitana ndine. Ndinali pabanja chaka chachitatu, ndili ndi mwana mmodzi. Ndinkagulitsa nsomba zouma za makakana mumsika, mwamuna wanga ankakonza njinga m'mbali mwa msewu.

Ife awiri sitifanana. Ine ndinatengera bambo, ndine woonda. Iye anatengera azakhali athu, wamfupi, wodzaza thupi, wa mabere akuluakulu. Tsiku limene anafika anavala bulauzi yachikasu yomukwana bwino, akuyenda mowongoka, akuseka mokweza ngati mmene ankasekera tili ana.

Patangotha sabata, anandibweretsera chakudya kumsika. Atachoka, mayi wina wogulitsa tomato pafupi ndi benchi langa anandikodola.

"Inu ndinu olimba mtima," anatero. "Mtsikana wa chifuwa chotere kumuika nyumba imodzi ndi mwamuna? Mwadzitengera nokha mkazi mnzanu."

Ndinaseka, n'kuwauza kuti asiye zopusa. Koma pobwerera kunyumba mawu aja ndinayenda nawo. Mwamuna wanga sanachitepo chilichonse. Ankamutchula kuti alamu, ankamupatsa moni, n'kupita kunjinga zake. Komabe ndinayamba kumayang'ana maso a mwamuna wangayo mng'ono wanga akawerama kuti aike madzi osamba m'manja.

Ndinayamba ndi bulauzi ija. Ndinamuuza kuti kuno si kumudzi, anyamata a kabaza alibe ulemu, ndiye zovala zothina aziike pansi pa chikwama. Ndinapita pa kaunjika n'kumugulira masikipa awiri aamuna, aakulu ngati matumba a chimanga. Nditaona kuti chifuwa chikuonekabe, ndinamugulira makamisolo awiri aang'ono, ndikudziwa bwino kuti ndi aang'ono, n'kumuuza kuti azivala onse awiri pamodzi kuti mabere azigona. Pomaliza ndinabweretsa juzi yabulauni.

Anaitembenuza m'manja n'kundiyang'ana.

"Achemwali, juzi mwezi uno?"

"Ukamapita kumsika ndi kumjigo kokha. Kapena ukufuna anthu azikuloza?"

Anaivala.

Amene anakhalako kuchigwa mu Okutobala akudziwa zimene ndikunena. Pofika naini koloko mchenga umaotcha mapazi, mbuzi zimabisala pansi pa ngolo, ngakhale mphepo ikawomba imakhala ngati ikuchokera m'ng'anjo. Mng'ono wanga ankayenda m'dzuwa limenelo atavala makamisolo awiri, sikipa ndi juzi, chidebe chili pamutu. Anayamba kupinda mapewa. Akamayankhula ndi munthu ankapingasa manja pachifuwa. Kuseka kuja kunatha. Ine ndinkaona zonsezi n'kumadziuza kuti mwana wayamba kukhwima maganizo.

Tsiku lina masana mayi woyandikana nafe nyumba anabwera akuthamanga kumsika kudzandiuza kuti mng'ono wanga wagwa pamjigo. Ndinamupeza amayi a pamjigopo atamukhazika pamthunzi, akumuthira madzi kumutu. Tinamukweza kabaza mpaka kuchipatala.

Namwino anali mayi wachikulire, nayenso wa chifuwa chachikulu, koma yunifolomu yake inamukhala bwino kwambiri. Anauza mng'ono wanga kuti avule. Ine ndinali nditaima pakona. Kamisolo yachiwiri itachoka ndinaona zimene ndinali ndisanazionepo. Pansi pa mabere khungu linali litasupuka, lofiira, lonyowa. Zingwe zinali zitamudya m'mapewa mpaka kusiya mizere yakuda. M'mbali munali nsanza zimene ankaikamo kuti lamba wa kamisolo asamamupweteke.

"Wakuuza ndani kuti uzidzimanga chonchi?" anafunsa namwino.

Mng'ono wanga anayang'ana pansi.

"Ndine ndekha, amayi. Ndimachita manyazi."

Namwino anatembenukira kwa ine. "Inu ndinu akulu ake? Mumakhala naye nyumba imodzi osaona?"

"Sindinkadziwa," ndinatero.

Mawu amenewo anatuluka mosavuta, ndipo mng'ono wanga sanadzutse mutu. Mwa zonse zimene ndinamuchita, mawu amenewa ndi amene amandibwerera kawirikawiri.

Namwino anamupatsa mankhwala opaka, n'kumulangiza kuti azipukuta bwino akasamba ndipo masiku angapo azikhala ndi chitenje chokha. Kenako anamuuza za telala wina wamkazi kuseri kwa msika, amene ankasokera namwinoyo.

Zilonda zitapola tinapita limodzi. Telalayo anali mayi wobadwira ku Mozambique, wokonda kusakaniza Chisena poyankhula. Anatseka katani, n'kumuyeza ndi tepi kawiri, koyamba pansi pa mabere, kachiwiri pamwamba pake. Anati amayi ambiri amagula kamisolo poyiyang'ana ndi maso, chikhalirecho chimene chimanyamula katundu ndi lamba wozungulira nthiti, zingwe zimangothandizira. Anapita nafe yekha kwa mnzake wa kaunjika n'kufukula mulu mpaka anapeza imodzi ya lamba wotambalala ndi zingwe zikuluzikulu.

Mng'ono wanga atayivala anapuma mpweya wautali, n'kugwira msana.

"Sukupweteka," anatero motsitsa.

Za diresi anakambirana awiri, ine nditakhala pabenchi. Telala anakana mabatani a kutsogolo, akuti amayasamula munthu akakhala pansi. Anakana khosi lotseka mpaka kummero, akuti limapangitsa chifuwa kuoneka ngati mtolo umodzi. Anajambula papepala khosi lotsika pang'ono ngati nsonga ya khasu, losaonetsa kanthu, ndi misoko iwiri yotsika kuchokera pachifuwa kuti nsalu ibwerere m'chiuno. Kenako ananyamula sikipa ija ndi zala ziwiri.

"Thumba ngati ili silibisa munthu, mwana wanga. Limangomuwonjezera. Uli ndi chiuno, chioneke."

Diresi inali ya nsalu ya thonje, yobiriwira mwakuda. Anaivala Lamulungu popita kutchalitchi. Ndinayenda pambuyo pake ndi mwana kumsana, ndipo ndinaona mapewa ake akuyesa kuwongoka kenako n'kupindikanso, ngati sakudziwa kuti aloledwa. Amayi a kwaya anamuyamikira. Mwamuna wanga anati alamu mwatchena, n'kupitiriza kupopa tayala la njinga yake. Zinathera pomwepo. Chimene ndinkaopa miyezi yonse ija chinali chimenecho basi.

Zotsatira za mayeso zitatuluka anapeza ntchito m'sitolo ina ku Nchalo, n'kusamuka. Kumeneko ndi kumene anakwatiwa. Masiku ano amavala bwino kuposa ife tonse kwathu, ndipo atsikana a thupi ngati lake amapita kwa iye kukafunsa kosokera.

Ndinatenga zaka zisanu ndi ziwiri kuti ndiyambe nkhaniyi. Tinakumana kumudzi pa nthawi yokolola mapira, tikupetera limodzi kuseri kwa nyumba yatsopano ya mayi. Ndinayamba mozungulira, kunena za kutentha kwa chaka chija, za anyamata a kabaza. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Sizinali za anyamata a kabaza, achemwali," anatero, osasiya kupeta. "Mayi wa tomato uja anandiuza inenso. Anati usamale, akulu ako akukuopa."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Ndikananena chiyani? Ndinkadya kwanu, ndinkagona kwanu. Ndinaganiza kuti ndikavala zonse zija mudzaona kuti ndilibe nazo ntchito za alamu."

Ndinamufunsa chifukwa chimene anandibisira kwa namwino. Anati sanafune kuti mlendo andikalipire pamaso pake.

Ndinapepesa. Ndinanena zonse mmene zinalili, kuti makamisolo aja ndinagula aang'ono dala, kuti ndinkaona akuvutika. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti zinapita, ndipo zilonda sizinasiye zipsera zambiri. Kenako anandipempha kuti ndimupatsire lichero lina, tinapitiriza ntchito.

Sitinadane. Timaimbirana foni, ana athu amadziwana, maliro ndi maukwati timayendera limodzi. Mng'ono wanga akamapita kumudzi amatsika minibasi pa Bangula, amadutsa kwathu, amamwa madzi, amasiyira ana shuga ndi buledi. Ndimamuuza kuti agone, chipinda chilipo, anyamuke m'mawa kukadali kozizira. Nthawi zonse amakhala ndi chifukwa chabwino: bwato la madzulo lowolokera kumudzi, mayi akudikira, ntchito mawa. Ndimamuperekeza mpaka pamsewu, ndimamuimitsira kabaza, n'kubwerera kukaphimba nsomba zanga.