Chisoti cha ku ofesi

Masiku a Chitaganya ndinali mesenjala pa ofesi ina m'tauni mwa Blantyre. Anatipatsa kabudula wa khaki, malaya, ndi chisoti chofiira chokhala ndi kamchira kakuda. Lamulo linali lakuti nthawi ya ntchito chisachoke kumutu, ngakhale uli panjinga.

Lachisanu masana ndinkapalasa mpaka ku mzikiti wa ku Limbe kukaswali Jumuwa pambali pa bambo anga. Iwo anali okalamba, maso atayamba kuchita mdima, ndiye ine ndimawagwira mkono powaimika pamzere. Ndinkalowa ndi chisoti changa chomwecho. Ndimati mutu waphimbika, basi. Kaya ndimalakwa, kaya.

Tsiku lina tikusamba mapazi panja, munthu wina wosoka zovala pakhonde la sitolo anati, "Achimwene, chisoti chimenechi m'mawa chawerama kwa Mzungu, masana chiwerame kwa Mulungu? Sichitopa?" Anthu anaseka. Wina kumbuyo anati, "Asiyeni, a boma awa."

Sabata yotsatira ndinaika kofiya woyera m'thumba. Chofiiracho ndinachisiya pakhomo, pamwamba pa nsapato. Potuluka ndinachipeza m'ngalande, chitapondedwa. Kapitawo wathu, bambo wa Chikatolika wochokera ku Mpingwe, sanali munthu woipa. Anachiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, "Ine sindinaone. Koma kachiwiri ndidzaona, pepani. Inenso ndili ndi ana."

Ndiye ndinayesa kuchipinda m'khwapa. Chimagwa powerama, n'kugubuduka mpaka mzere wa kutsogolo. Ndinafuna kuchisiya kwa mayi wogulitsa mtedza, iye anakana, akuti anthu amutcha dzina.

Ndinapita kwa ashehe. Ndinati, kodi munthu akaswali mutu uli pamtunda, kapena ndi chisoti cha ntchito, swala imalandiridwa? Anati, "Imalandiridwa. Kuphimba mutu ndi ulemu chabe, si chikakamizo." Ndinati nanga bwanji osawauza anthuwa? Anayang'ana pansi. "Iwo akudziwa. Nkhani yawo si ya mutu."

Mwina ndikanasiya ntchito. Ndimaganiza zimenezo mpaka lero. Koma sukulu ndinalekera Sitandade 2, ndikanapita kuti? Kukasenza mabelo a fodya ndi msana wangawu?

Ndinawafotokozera bambo zonse, tili pakhonde kwawo. Anamvetsera akuseweretsa mikanda ya tasibihi m'manja. Ndinkadikira kuti anene kuti bwera choncho, ndiwe mwana wanga, aseke aseke atopa. Sananene. Anati, "Usavutike. Mwana wa mlongo wanga azindigwira mkono."

Kuyambira pamenepo Lachisanu ndinkaswali ndekha kuseri kwa ofesi, pa katoni, pafupi ndi pomwe timaimika njinga. Nthawi zina ndi chisoti, nthawi zina wopanda. Panalibe woti afunse.

Bambo anakhala zaka zina zitatu. Ndinkawayendera Lamlungu, tinkacheza za mvula, za chimanga cha ku Chigumula. Za Lachisanu sanandifunsenso, ngakhale kamodzi.