Chikalata cha Wotchi ya Amuna Anga

Wotchi ija amuna anga anapatsidwa tsiku lotsanzikana ku kampani ya inshuwalansi imene anagwirako ntchito zaka zambiri ku Lilongwe. Ine ndinali nditayamba kale ntchito ya unamwino ku Perth, iwo ankabwera pambuyo ndi mwana wathu wamkazi. Pa phwandolo sindinalipo. Ndinangoona zithunzi, iwo atavala suti yotuwa, bwana wamkulu akuwamanga wotchi pamkono, anzawo a mu ofesi akuwomba m'manja. Inali ya ku Switzerland, yachitsulo, yolemera ndithu ukaiika pachikhatho. Bokosi lake ndi mapepala anazisiya kwa achemwali awo ku Area 25 pamodzi ndi mabuku athu. Chaka china mphepo inasasula denga la chipinda chimene munali katunduyo, mvula inalowa, ndipo zambiri zinatayidwa.

Kuno ntchito ya mu ofesi sinapezeke. Amuna anga anakaphunzira kuyendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, n'kulembedwa pa depoti ina ku Kewdale, kumene amatsitsa katundu wobwera pa sitima ndi pa mathiraki. Ankapita atavala malaya achikasu owala, majombo olemera ndi wotchi yawo. Za ntchitoyo sankadandaula, komanso sankaikamba.

Tsiku lina tikudya anandiuza kuti mzungu wina woyendetsa thiraki anawagwira mkono pa nthawi yopuma, n'kuiyang'ana wotchiyo, kenako n'kuuza anzake kuti zoterezo iye anagula zitatu ku Bali, kumene kumagulitsidwa mawotchi achinyengo, pa mtengo wa chakudya chamasana. Anthu anaseka. Kuyambira pamenepo ena anayamba kuwatchula kuti bwana wa ku Bali.

"Inu munayankha chiyani?" ndinawafunsa.

"Ndikanayankha chiyani? Ndinaseka nawo."

Anadya pang'ono, kenako anati, "Mayi, Lachinayi muli pa ofu. Mukandifunsire m'tauni za chikalata chake."

Ndinaganiza kuti akunena pepala losonyeza mtengo wake, longa limene a inshuwalansi amafuna. Anati ayi. Anavula wotchiyo n'kundionetsa liwu lina laling'ono lolembedwa pankhope pake, pansi pa dzina la kampani. Anati liwulo limatanthauza kuti makina a m'katimo anayesedwa ndi bungwe lina la ku Switzerland, n'kupezeka kuti amasunga nthawi bwino, ndipo wotchi iliyonse yotere imakhala ndi satifiketi yakeyake yokhala ndi nambala. Yawo inali m'bokosi muja. Ankafuna ina.

Ine nkhaniyo sindinaione kukula kwake. Kuchipatala ndimagwiritsa ntchito kawotchi kapulasitiki kopachika pachifuwa, ndipo sikanandinamizepo powerenga kugunda kwa mtima wa wodwala. Koma anali atandipempha, ndipo iwo sapemphapempha.

Lachinayi ndinakwera sitima wotchi ili m'sokosi m'chikwama. Sitolo yoyamba inali ya mphete ndi mikanda, m'kakhwalala kena ka masitolo pakati pa tauni. Bambo wa pamenepo anaiyang'ana ndi kagalasi ka padiso n'kunena kuti ikuoneka yeniyeni, koma pepala limene ndikufunalo iye sangalembe. Anandilozera kwa ogulitsa ovomerezeka a kampaniyo, misewu iwiri kutsogolo.

Kumeneko pakhomo panali mlonda wovala suti, ndipo chitseko ankachita kukutsegulira. Ndinali nditavala nsapato zanga za kuntchito. Anandikhazika pampando wofewa n'kundipatsa madzi. Mayi amene anandithandiza anavala magulovesi oyera asanaigwire wotchiyo, anaiika pa kansalu, n'kuitembenuza uku ndi uku. Galasi lake linali ndi mikwingwirima, lamba linali lokalikakalika, ndipo m'mbali munali kobooka kamodzi kooneka bwino.

"Imeneyi yagwira ntchito," anatero.

Anandifotokozera mosathamanga. Satifiketi ija imaperekedwa kamodzi, makina akadali atsopano, atayesedwa kwa masabata angapo, atagonekedwa, ataimikidwa, pamalo ozizira ndi pamalo otentha. Bungwe loyesalo silimalemberana makalata ndi anthu ngati ine. Amene angapemphe kope lake ndi kampani yopanga wotchiyo, ndipo kuti atero ayenera kuitsegula n'kuwerenga nambala ya pamakina. Zimenezo sachitira ku Perth, amatumiza ku Sydney. Anawonjezera kuti pepalalo lidzanena za mmene wotchiyo inkayendera kalelo, osati lero. Ngati tikufuna za lero, amisiri a ku Sydney akhoza kuikonza, kuiyesa pa makina awo, n'kulemba zimene apeza.

Kenako anafunsa ngati ndili ndi umboni woti ndi yathu. Anafunsa mwaulemu, maso ali pa kompyuta. Lisiti ndinalibe. Ndinamuonetsa chithunzi cha phwando lija pafoni. Anachikulitsa ndi zala, anayang'ana mkono wa amuna anga, kenako nkhope yawo, n'kunena kuti n'chithunzi chabwino koma pafunika kalata.

Kalatayo inatitengera nthawi. Kampani ya ku Lilongwe ija inali itagulidwa ndi ina, bwana wamkulu uja anali atamwalira. Amuna anga anaimbira anthu amene anali asanalankhule nawo chichokereni. Ndinkawamva ali pakhonde, akuseka mokweza, akufunsa za ana ndi za mvula, akuyankha kuti kuno zonse zili bwino, ali m'gawo loona za kayendedwe ka katundu. Pamapeto pake mayi wina amene anali sekilitale nthawi imeneyo, ndipo ndiye anayendetsa zogula mphatsoyo, analemba kalata yaifupi n'kuitumiza pa imelo. Ndinaipereka kusitolo kuja, wotchi inapita.

Inakhalako miyezi. Pamkono pawo panatsala mzere woyererako pamene panali lamba. Masiku oyamba ankatukula mkono n'kuyang'ana khungu lokhalokha. Mwana wathu, amene tsopano ali ku yunivesite, anawagulira wotchi yakuda yapulasitiki ku sitolo ya zamasewera. Anawapatsa akulankhula Chingerezi chake cha kuno, iwo anathokoza m'Chichewa, n'kuivala tsiku lomwelo.

Mkati mwa miyezi imeneyo a ku Sydney anawaimbira ali kuntchito. Anandiuza madzulo ake kuti phokoso la mathiraki linali lalikulu, sanamve zonse, koma munthuyo amatchula zinthu zimene akufuna kukonza chimodzichimodzi.

"Ndangowauza kuti achite zonse," anatero.

"Mtengo mwafunsa?"

"Anena. Si wochepa. Nditenga mashifiti a Loweruka."

Anatengadi, ndipo kwa nthawi ndithu ku misonkhano ya Amalawi ya Loweruka ndinkapita ndekha. Amayi anzanga akafunsa ndinkangoti ali kuntchito.

Uthenga woti wotchi yabwera unafika chilimwe cha kuno chitayamba. Tinapita tonse awiri. Iwo anavala jekete ngakhale kunkatentha. Mayi yemwe uja anatulutsa kathumba kachikopa ndi envelopu. Anayamba ndi envelopu. Munali mapepala awiri. Loyamba linali kope la satifiketi, lodzaza timanambala m'mizere, ndi nambala ya makina pamwamba. Lachiwiri linali la amisiri, lonena kuti ataikonza anaiyesa ndipo ikuyenda monga iyenera kuyendera. Amuna anga anavala magalasi n'kuwerenga mzere uliwonse, monga ankawerengera mapepala a makasitomala kale. Anafunsa mafunso awiri kapena atatu, ndipo mayiyo anayankha mosangalala, ngati munthu amene wapeza womumvetsa.

Kenako mayiyo anatsegula kathumba kaja. Wotchi inatuluka ikunyezimira. Galasi linali latsopano, lamba losalala, m'mbali monse mosalala. Ndikanaiona pawindo la sitoloyo sindikanaizindikira. Amuna anga anaitenga, anayendetsa chala chachikulu m'mbali mwake, anaitembenuza, n'kuyendetsanso chala.

"Panali kobooka apa," anatero.

Mayiyo anayang'ana pa kompyuta n'kunena kuti amisiri anadzazapo n'kupukuta, ndipo zalembedwa kuti mwiniwake anavomera pafoni. Anafunsa ngati pali vuto.

"Ayi, palibe. Agwira ntchito yabwino."

Analipira, anathokoza, tinatuluka. Wotchi sanaivale, anaiika m'thumba la jekete. Tinayenda mpaka pa siteshoni. Sitima itanyamuka ndi pamene ananena, akuyang'ana pawindo, kuti kobooka kaja kanabwera pa maliro a bambo awo. Ulendo umenewo anapita okha, ine ndinatsala ndi mwana chifukwa cha sukulu. Anati potsitsa bokosi iwo analowa nawo m'manda kukalandira, ngakhale adzukulu ankawaletsa, ndipo potuluka mkono unagunda pa njerwa za m'mphepete. Anazindikira madzulo posamba.

Zimenezi anali asanandiuzepo. Kobookako ndinkakaona zaka zonsezi, ndinkangoti ndi za ku Kewdale.

"Mukanandiuza ndikanawauza kuti asakhudzepo," ndinatero.

"Anandifunsa ine, mayi. Ndinavomera ndekha."

Sitinaikambenso. Tinatsika, tinadutsa pa sitolo ya Amwenye kugula ufa ndi nyemba, n'kupita kunyumba.

Lolemba anajambulitsa satifiketi ija n'kutenga kope kuntchito. Anandiuza zimene zinachitika patapita masiku angapo, nditachita kufunsa. Anadikira mpaka woyendetsa thiraki uja atabwera kudzatsitsa katundu, n'kumupatsa pepalalo ali pa benchi akudya. Munthuyo analiyang'ana, anafunsa kuti n'chiyani. Amuna anga anamukumbutsa za ku Bali. Iye anati sakukumbukira kuti ananenapo zotero, koma ngati ananena anali kungocheza. Anati wotchiyo iyenera kuti ndi yabwino kwambiri, anabweza pepala, n'kupitiriza kudya. Ena awiri amene anali pafupi analiyang'ananso. Mmodzi anafunsa kuti ngati ndi yodula choncho, iwo akutani pa depoti. Dzina lija silinathe. Ena amene analembedwa ntchito pambuyo pake amawatchula choncho osadziwa kumene linachokera, ndipo iwo amayankha.

Mapepala enieniwo ali mu fayilo imene timasungamo mapasipoti ndi masatifiketi athu a sukulu. Wotchiyo kuntchito sapita nayonso. Amati mmene ikuwaliramo angaikande tsiku loyamba lomwe, ndiye amavala yapulasitiki ija. Inayo imakhala m'kathumba kake mu drowa mpaka Lamlungu. Ndi wotchi yopanda batire, imadzitcha yokha ndi kuyenda kwa mkono, choncho ikakhala masiku angapo osavalidwa imaima. Lamlungu lililonse m'mawa ndimawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi atavala kale, akuipukusa kuti iyambe kuyenda. Foni yawo nthawi zambiri amakhala ataisiya pa chaja kukhitchini.

"Mayi, foni yanu ikuti nthawi yanji?"

Ndimawauza. Amakonza mivi, amamanga lamba, ndipo timanyamuka kupita kutchalitchi.