Nyimbo Imene Inatsekedwa ndi Loko

Achimwene anga anali telala. Zaka makumi anayi anazithera pakhonde la sitolo, tepi yoyezera m'khosi, mapazi akupalasa makina, wailesi ikulira pambali. Mwa makaseti awo onse inalipo imodzi imene sankabwereketsa ngakhale kwa ine, ya kagulu kena koiwalika kamene kankaimba tsiku lomwe anakumana ndi alamu anga.

Ukalamba utafika, alamu anayamba kuiwala. Anaiwala ana, anaiwala khomo la kubafa, mapeto ake anaiwala ndi amuna awo omwe. Koma nyimbo ya pa kaseti ija ikangolira ankadzutsa mutu.

"Atelala, diresi langa lija mudzamaliza nditafa?"

Achimwene ankaseka mpaka misozi. Kwa kanthawi ako mkazi wawo ankakhala atabwerera.

Wailesi itayamba kutafuna kaseti, mwana wawo wamkazi anawagulira nyimboyo pa foni. "Iyi siduka, bambo," anatero. Anamukhulupirira, ndipo posamukira m'kachipinda kakang'ono makaseti onse anapita kudzala.

Inalira chaka chimodzi. M'mawa wina achimwene atadina, panangotuluka kachithunzi ka loko. Tinapita awiri kwa mayi wokonza mafoni.

"Foniyi ilibe vuto, agogo," anatero mayiyo. "Kampani imene inkagulitsa nyimbo yasiya, ndiye yazitseka."

"Yatseka chinthu changa? Si tinagula?" anafunsa achimwene.

"Munagula chilolezo chomvera chabe. Zinalembedwa m'timalemba ting'onoting'ono tija."

"Mwanawe, ine ndasoka mathalauza osawerengeka. Unamvapo kuti ndinathamangira munthu pamsewu kukamuvula chifukwa ndasiya utelala?"

Mayiyo anaseka, koma atawayang'ana kumaso anasiya. Anayesa kuikopera nyimboyo, inakana. Anasakasaka kwina konse, kagulu kaja sikanapezeke. Tinayenda m'misika kufunsa ogulitsa zakale, onse ankangopukusa mitu.

Pamenepo achimwene anaganiza zoimba okha. Anakhala m'mphepete mwa bedi, nakonza kukhosi, nayamba ndi mawu awo osasa aja. Pakati penipeni nyimbo inawathawa. Alamu anamvetsera mwaulemu, manja ali pamiyendo.

"Pepani bambo, amuna anga achokapo. Mubwere mawa."

"Chabwino, mayi," anayankha achimwene.

Mpaka lero amatchaja foniyo m'mawa uliwonse, n'kudina pa kaloko kaja ndi chala chawo chodzala zipsera za singano. Alamu amangoyang'ana kukhomo, kudikira telala wawo.