Chala Changa pa Mabatire

Mdzukulu wanga analumikiza yekha kompyuta, koma masewera ake akafika pokoma, imazima. Dzulo anaitsegula kuti aone vuto, ndipo fungo la mphira wotentha linandibweza kwathu kwa Mwambo, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa.

Achimwene anga anapanga wayilesi ndi zidutswa zotola ku Songani. Mabatire ankawandandalika mu nsungwi, n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Wayilesiyo nayonso inali ndi khalidwe lomweli. Nkhani za chipani m'mawa inkalankhula osapuma, koma mpira wamasana ukafika pokoma, zii.

Loweruka lina asodzi anasonkhana pakhomo pathu kudzamvera mpira, wayilesi n'kuzima. Bambo anachita manyazi. "Ikazimanso, waya wakoyu ndikamangira mono," anatero.

Achimwene anapemereramo, anakweza mlongoti wa wayilesiyo, koma osaphula kanthu. Ine, katswiri amene sukulu yake inali kuwerenga mapepala okulungira sopo, ndinayang'ana nsungwi ija. Dzuwa linali litafewetsa mphira, mabatire n'kutalikirana. Nditakanikiza ndi chala, muulutsi anadzuka pakati pa mawu.

"Usasunthe, mphwanga," achimwene ananong'ona. "Ngakhale ntchentche ikutere pamphuno."

Ndinakhala choncho pamkeka, chala chitachita dzanzi, matemba akununkhira pathandala. Kenako chigoli chinalowa. Asodzi onse anadumpha, bambo anaponya chipewa m'mwamba. Ine ndekha ndinatsala pansi nditakanikiza nsungwi, ntchentche ikuyenda pamphuno panga, wayilesi ikukuwabe.