Achemwali Atapita ku Australia

Tinkachita lendi nyumba ya zipinda ziwiri ku Chinyonga, ine ndi achemwali anga. Iwo anali namwino, ine ndinkasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Bambo anali atamwalira kale, amayi adatsala kumudzi ku Nsanje, ndiye m'tauni muno tinalipo awiriwiri.

Ntchito ya ku Australia itapezeka, ndidawasokera madiresi okhuthala poganiza kuti kwa azungu konse nkozizira. Atafika adandiseka pafoni.

"Iwe, nyengo ya kuno ikuyenda ngati yakwathu. Juni kuzizira, Disembala kutentha koposa ku Nsanje."

Masiku amenewo ndinalibe foni. Lamulungu ndikaweruka kutchalitchi ndinkapita pakanyumba koimbitsa mafoni pafupi ndi msika, nkumadikira pabenchi. Kuno kuli masana, kwawoko dzuwa linkakhala litalowa.

Adawatumiza kukatauni kakang'ono m'katikati mwa dziko. Ankati anthu ambiri amakhala m'mbali mwa nyanja, pakati ponse ndi chipululu cha dothi lofiira, ungayende tsiku lonse pagalimoto osaona mudzi. Odwala awo ambiri anali anthu akuda, eni nthaka, amene azungu adawapeza kumeneko pomwe azunguwo ankafika ndi zombo zodzaza akaidi.

Tsiku lina adandiuza za mayi wina wokalamba wa m'wodi mwawo. Boma lidamuchotsa kwa amake ali kamwana, nkukamulerera kumishoni, ndipo sadawaonenso.

"Ndikamamusambitsa amandigwira dzanja," adatero achemwali, "nkundifunsa ngati amayi anga ali moyo. Ndikati eya, amati nanga ukutani kuno?"

"Ndiye mumamuyankha chiyani?"

Achemwali adangoyamba kufunsa za mvula yakwathu.

Nkhani zoterezi ndinkabwerera nazo kunyumba wapansi, popanda womuuza. Oyandikana nawo ankangofunsa kuti achemwali atumiza chiyani, ndiponso kuti adzanditenga liti. Madzulo ndinkaphika kandiwo kochepa, nkudyera m'poto momwemo. Bedi lawo ndidalisiya choyala kwa zaka, mpaka ndidayamba kuunjikapo nsalu za makasitomala.

Amayi adadwala mwadzidzidzi, ndipo ndidafika ku Nsanje atatsirizika kale. Kunkatentha kwambiri, achibale adati maliro sangadikire munthu wochokera kutsidya kwa nyanja. Tidaika m'mawa mwake. Kusiwa ndidakhala pamphasa ndekha pakati pa azakhali, aliyense ali ndi ana ake pambali.

Achemwali adabwera patapita mwezi. Kubwalo la ndege ku Chileka ndidawaona kudzera pagalasi ataima pamzere wa alendo. Anali atatenga unzika wa kumeneko osandiuza, ndipo lamulo la nthawi imeneyo silinkalola munthu kukhala nzika ya maiko awiri.

"Ndimaopa kuti ukhumudwa," adatero tili muminibasi. "Ndidavota kale kumeneko. Ukapanda kuvota amakulipiritsa."

Sindidakhumudwe. Ndidangozindikira kuti sadzabweranso kudzakhala.

Tidapita limodzi kumanda, adalira mpaka mawu kutha. Titabwerera ku Chinyonga ndidachotsa nsalu pabedi lawo, adagonapo masabata angapo, tikumacheza ngati kale. Atanyamuka ndidauza eni nyumba kuti ndikusamuka, ndipo ndidapeza chipinda chimodzi ku Manja.

Pano ndili ndi foni yangayanga, timaonana nkhope tikamalankhula. Imvi zawayamba. Adasamukira kumzinda wa m'mbali mwa nyanja, akuti miyendo yayamba kuvuta, sangathenso ntchito ya kuchipululu.