Agogo Anatema Khutu la Njinga

Mpeni unalowa kawiri, tayala linati fwiii. Agogo anabwerera m'mbuyo, mpeni uli m'manja, akuyang'ana gudumu lakumbuyo likuphwa mpaka chitsulo chinagunda pansi. Ine ndinali nditagwira mahandulo. Sindinaseke. Agogo sankasekedwa.

"Yafa?" anafunsa.

Ndinati sinafe, wangotuluka mpweya. Anapukuta mpeni pantchafu n'kuubwezera m'chiuno.

Agogowa anali obala atate anga. Anali Mngoni wa ng'ombe, wamakutu oboola, ndipo m'khutu lakumanja ankasomekamo kabango ka fodya. Ankanunkha utsi wa ndowe zouma ndi chikopa chonyowa ndi mame, fungo limene linkatsala pamphasa iwo atachoka kalekale. Moyo wawo wonse, ng'ombe ikamapita kukasungidwa m'khola la munthu wina ankayamba aitema khutu, mabala awiri, kuti pobwera ibwere yomweyo. M'mawa umenewo njinga inali kupita m'manja mwa anthu ena. Ndiye anaitema. Chishalo anachitema bwinobwino, poti chinali chachikopa. Atafika pa tayala anayesa nalonso ndi chikopa.

Njingayo inali ya atate. Anabwera nayo kuchokera ku Halale atagwirako ntchito zaka zitatu. Kwathu konse, kuseri kwa Chimbiya, njinga zinalipo ziwiri, inayo ya aphunzitsi. Kenaka inadza nkhondo ya Ajeremani. Amesenjala a boma anabwera kudzatenga amuna a tengatenga, onyamula katundu wa asilikali pamutu. Atate anapita nawo. Asananyamuke anapachika njinga kudenga ndi luzi, n'kuuza agogo kuti awasungire. Zinadutsa nyengo ziwiri za mvula, mawu awo osamveka. Ena anabwerako ali mafupa okhaokha. Mmodzi anati anasiyana nawo atate kutali, akudwala m'mimba.

Woiwononga njingayo ndinali ine. Ndinali ndi zaka khumi kapena kuposerapo, panalibe wowerenga. Anthu ali kumunda ndinaitsitsa, ndinaipopa monga ndinkaonera atate, n'kutsetsereka nayo kulowera kudambo, mwendo nditaulowetsa cham'kati poti chishalo sindinkachifikira. Kumunsi kunali chulu. Gudumu lakutsogolo linapindika ngati lichero lakale. Foloko, chitsulo chogwira gudumulo, inabwerera m'mbuyo.

Agogo sanandimenye. Kukanakhala bwino akanandimenya. Atate aang'ono, a Filipo, anati popeza yawonongeka kale, igulitsidwe ikadali ndi mtengo, ndalama zithandize amayi, poti mwini wake... Sanamalize. Aliyense anamva chimene ankafuna kunena.

"Mwini wake sanandiuze kuti ndigulitse," anatero agogo. "Akabwera aipeze ikuyenda."

Anagulitsa mbuzi ziwiri. Ndalama anamanga pakansalu. Njinga tinaimangirira pansungwi ngati machila, iwo kutsogolo, ine kumbuyo. Ndinali wamfupi, ndiye kulemera konse kunkatsetserekera kwa ine.

Inali nyengo yachisanu. Nkhungu inali itaphimba Phiri la Dedza, udzu unali wonyowa mpaka m'mawondo, ndipo tcheni chinkagogoda pansungwi pa phazi lililonse, ngo, ngo, ngo, mpaka ndinayamba kuyendera kulira kwake komweko. Tinagona kwa abale panjira. Mawa lake tinafika paboma.

Kumeneko ndinaona galimoto koyamba. Anali malole a nkhondo, awiri, limodzi atalitsegula kutsogolo, matumbo ali panja. Munthu amene tinkamufuna ankagwira ntchito pachisakasa kuseri kwa masitolo. Dzina lake Jailosi. Anaphunzira ntchito kumalole komweko, ankavala kabudula wa khaki, manja akuda ndi oyilo. Anali munthu wapakamwa pabwino. Anawapatsa agogo bokosi lokhalira, anawatcha madala, anafunsa za ng'ombe. Kenaka anazungulira njinga akupukusa mutu. Anati gudumu lafa, foloko yafa, tcheni chatha. Anakanikiza tayala lakumbuyo ndi chala.

"Ili lavunda lokha, madala. Mphira ukakhalitsa umang'ambika chonchi."

"Lokha?" anafunsa agogo.

"Lokha. Ndimaziona tsiku ndi tsiku izi."

Anati zonse pamodzi masheleni khumi ndi awiri. Koma poti agogo anali munthu wamkulu, akhoza kuwachitira chifundo, kuwapatsa masheleni anayi, chitsulocho n'kuchisiya pomwepo, asavutike kuchinyamula.

Agogo anasolola kabango m'khutu, anafwenkha fodya, anayetsemula. Anandiyang'ana.

"Nyamula."

Pobwerera, pa Chimbiya, tinaima kwa munthu wina womata mapoto ndi zidebe, amene ankati njinganso amazidziwa. Dzina ndaliiwala. Iyeyo sanagwade n'komwe. Anaiyang'ana ali chiimire, anati masheleni awiri, mawa mudzatenge, tayalalo ndi minga chabe. Agogo anapempha madzi akumwa, ndipo podikira anazungulira kuseri kwa nyumba. Ndinawatsatira. M'udzu munali mafupa a njinga ina, yopanda magudumu, yopanda tcheni, mkhwani utayanga pamahandulo. Agogo atafunsa kuti ndi ya yani, mkulu uja anati mwini wake abwera.

Tinanyamulanso. Phewa langa linali litasupuka. Ndinalimba mtima n'kunena kuti masheleni awiri ndi otchipa, bwanji tingosiya pomwepo.

"Khola lake waliona?" anatero osacheuka.

Ndinati ndaliona. Nkhani inathera pomwepo.

Anatsala munthu mmodzi, cha ku Lobi. A Matiyasi. Anakulira kumishoni, ankasula makasu, kukonza ngolo za ng'ombe, ndipo ankati njinga yamoto ya ansembe ikafa amaitana iwowo. Agogo sankawafuna. Anamva kuti ndi munthu wamwano, wosadziwa kulandira alendo.

Zinali zoona. Tinawapeza akumenya chitsulo cha gudumu la ngolo, mkazi wawo akupopa mvukuto, makala akuthetheka. Anangoti moni, n'kupitiriza. Mpando sanatipatse. Tinakhala pamwala mpaka chitsulo anachiviika m'madzi, nthunzi n'kuti phwa. Anali munthu wamfupi, wamapewa akuluakulu, manja odzaza ndi zipsera zamoto. Atamaliza anasamba m'manja, anamasula njinga pansungwi, n'kuigadabuza. Anagwada. Anazungulitsa gudumu lakumbuyo khutu ataliyandikiza. Anakoka tcheni. Anagwira masipoko a kutsogolo imodziimodzi. Kenaka anafika pa tayala lija, anapisa chala pabala.

"Apa wadula ndi mpeni ndani?"

Anayang'ana ine. Agogo ankayang'ana kuphiri. Ndinaganiza kuti mlandu ndili nawo kale umodzi, wachiwiri sungandiphe. Ndinati ndine.

A Matiyasi anayang'ananso balalo. Anatembenuza chishalo, anayang'ana pamenepo. Anapukusa mutu.

"Usaname, iwe. Mwana sadula chonchi. Mabala awiri ofanana. Ili ndi dzanja lozolowera makutu a ng'ombe." Anacheukira kwa agogo. "Bambo, munkaopa kuti isochera kubusa?"

Mkazi wawo analeka mvukuto, anagwira pakamwa. Kwathu panalibe munthu wolankhula nawo agogo chotero, ngakhale a Filipo. Ndinaona mtsempha ukutukumuka pakhosi pa agogo. Dzanja linapita m'khutu, linabwerera lopanda fodya.

"Ndine," anatero.

Kenaka anatsokomola kawiri. Amene ankawadziwa ankadziwa kuti kumeneko ndiye kuseka kwawo.

Anakambirana mtengo. A Matiyasi anati masheleni asanu ndi imodzi. Agogo anati pa Chimbiya awauza awiri.

"Pitani nayoni pa Chimbiya."

Agogo anati paboma awauza khumi ndi awiri.

"Ndiye mwapindula kale. Mukudandaula chiyani?"

Sanachotse ngakhale kobiri. Koma ananena chilichonse chimene adzachite, akuloza ndi chala. Tcheni anati chilibe vuto, chikungofuna mafuta, sachikhudza. Gudumu adzaliwongola n'kuikamo masipoko atsopano asanu ndi awiri, ndipo othyokawo adzawabweza m'manja mwa agogo kuti aziwerengere okha. Tayala adzalisoka, chubu adzamata chigamba. Foloko adzaiwongolera pamoto, koma anati asawanamize, chitsulo chimene chapindikapo sichibwerera mphamvu yake yonse. Mwini wake adzauzidwe kuti asamatsike nayo mtsetse atasenza matumba. Ndalama anakana kulandira tsiku limenelo. Anati adzalandira njinga itayenda, wina ataikwera pamaso pa agogo.

Vuto linali masiku. Masipoko analibe. Anati ayitanitsa, abwera pangolo ya kumishoni, mwina masabata awiri, mwina atatu.

Agogo anati palibe kanthu, adikira pomwepo. Agona pakhonde, pafupi ndi njinga.

"Ayi," anatero a Matiyasi. "Sindigwira ntchito munthu atandiimirira pakhosi. Isiyeni, kapena inyamuleni."

Apa ndiye panavuta. Kuyambira tsiku limene atate anapita, njinga ija inali isanagone kutali ndi agogo. Ngakhale panjira paja, kwa abale, anaiika kumutu kwa mphasa yawo. Chinthu china cha atate panalibe. Malaya anapita nawo. Khasu linali litatha. Ikanasowa njingayo, kapena kubwera mafupa okhaokha ngati ija ya m'udzu, a Filipo sakanafunikanso kumaliza mawu awo. Ndipo munthu amene ankati tiisiyeyo tinali titamudziwa theka la tsiku, theka lakenso atatikhazika pamwala.

Agogo anaimirira. Anazungulira chisakasa. Anayang'ana makasu opachikidwa pamtanda, lililonse litamangidwa kachingwe ka mtundu wake kuti eni ake asasokonezane. Anayang'ana ngolo. Anagogoda gudumu lake ndi ndodo, n'kumvetsera. A Matiyasi anawaleka.

"Mwini wake ali kuti?" anafunsa pambuyo pake.

"Ku tengatenga."

"Abwera liti?"

"Abwera."

Ndinadikira mawu aja amene aliyense ankanena, akuti tizingopemphera, akuti ambiri atsala komweko. A Matiyasi sanawanene. Anauza mkazi wawo kuti achotse dengu la nyemba m'chipinda, njinga izigona m'nyumba, nkhungu ingaichititse dzimbiri mwini wake asanafike.

"Mng'ono wanga nayenso ali komweko," anatero, akutola nyundo.

Zotsatira zake ndinene mwachidule. Njinga inatha patapita masabata atatu, ndipo masipoko othyoka anabwera m'manja mwa agogo, asanu ndi awiri. Atate anabwera nkhondo itatha, mvula itayamba, akuyendera ndodo. Amayi sanawazindikire mpaka atalankhula. Anakhala miyezi iwiri osatha kukwera. Mwezi wachitatu anakwera, ndipo anaikwera mpaka ine nditakwatira. Mng'ono wa a Matiyasi sindikudziwa ngati anabwera. Sindinafunse. Ndimadandaula.

Ine sukulu ndinalekezera panjira. Ndinakhala woyendetsa malole, poyamba a fodya, kenaka a matabwa a m'phirimu atabzala paini. Magalaja ndalowamo ambiri. Mitengo ndimafunsa kuwiri kapena kutatu, monga aliyense. Koma sindithamangira wotchipa, ndipo wondipatsa mpando msanga ndimamuyang'ana kawiri. Ndimazungulira kuseri. Ndimafunsa chinthu chimodzi chimene yankho lake ndikulidziwa kale. Wondiuza kuti cholakwa ndi changa, ameneyo ndimamupatsa makiyi. Ana anga amati ndimavuta. Mwina.

Koma tsiku lija zonsezi sitinkazidziwa. Sitinkadziwa ngati atate ali moyo. Dzuwa linali litapendeka, mphepo yozizira itayamba kutsika m'mapiri, mkazi uja ataima pakhomo akudikira. Agogo anali atagwira handulo imodzi. Anaigwira nthawi yaitali, mpaka a Matiyasi anabwezera chitsulo pamoto ndipo mvukuto anayamba kupopa okha.

Kenaka agogo anachotsa dzanja. Mkazi uja anaikankhira m'nyumba, tayala lophwa likukhwekhwerezeka pansi.

Ndinatola nsungwi yathu. Ndinkayesa agogo atsanzika, kapena awopseza, kapena anena tsiku lobwera. Anakonza chikopa chawo paphewa, anatembenuka, n'kulowa njira yotsikira kudambo. Sanacheuke.