Mpando wa Eneless Pamaliro

Ku Chinsapo kuno kulibe maliro omwe Eneless, amake Chiku, sanatungireko madzi. Kwa zaka makumi awiri, uthenga ukangomveka, iye amakhala woyamba kufika ndi ndowa pamutu, womaliza kuchoka atakwecha miphika yonse ndi mchenga. Mwambo ukatha, olankhula amathokoza adzukulu okumba manda ndi mwini galimoto. Dzina la Eneless silinatchulidwepo.

Chaka chatha msana unayamba kumuvuta. Kuchipatala cha Likuni atamujambula anamuuza kuti ndi TB yolowa m'mafupa a msana. Mankhwala ake ngomwa pafupifupi chaka chathunthu, ndipo anamuletsa kusenza katundu ndi kuwerama. Patatha miyezi isanu akumwa mapiritsi osadumphitsa, ululu unali usanamusiye. Akakhala pamphasa, podzuka zimakhala ngati wina akumukhoma msomali wamoto m'chiuno.

Maliro awiri sanapiteko, ndipo pogulira madzi mawu anayamba kuyenda. TB yanji yosatsokomola? Nanga munthu wosayenda m'maliro a anzake, ake adzalira ndani?

Atamwalira bambo Rabson, mmisiri wa mbaula wa kuseri kwa nyumba yake, Eneless anamanga chitenje n'kuuyamba pang'onopang'ono, akutsamira mpando wapulasitiki ngati ndodo. Pasiwa anapeza amayi atadzaza pansi, miyendo atatambasula, abambo ali pamipando pamthunzi wa mango. Iye anaimika mpando wake pakati pa amayiwo n'kukhalapo.

Nyimbo yomwe amayiwo amaimba inazilala. Mayi Vaileti, mkulu wa amayi a m'deralo, anamuyandikira.

"Amake Chiku, mwasanduka abambo liti? Tsikani, mukutichititsa manyazi."

"Sinditsika, mayi."

"Ndiye bwenzi mutangokhala kunyumba."

"Kuti muzikanena kuti ndinasiya kuyenda m'maliro? Ndabwera. Msana womwewu unasenza madzi masiku atatu pamaliro a amuna anu. Simunaufunse ngati watopa. Lero ukufuna mpando."

Wina kumbuyo anaseka n'kubisa nkhope m'chitenje. Kwa abambo kunachokera mawu: "Asiyeni, mwina ndi aphungu athu atsopano!"

"Aphungu amafika mwambo utatha, bambo," anayankha Eneless osatembenuka. "Ine ndafika thupi lili m'nyumba."

Thukuta la ululu linali litatuluka pamphumi pake. Anagwira mikono ya mpando mwamphamvu, n'kudzutsa yekha nyimbo ija pomwe inalekera. Mawu ake anayenda okha mzere wathunthu popanda wovomera. Kenako m'nyumba, pafupi ndi bokosi, mkazi wa malemuyo anavomera ndi mawu osasa. Ena anatsatira, mmodzimmodzi.

Mayi Vaileti anaima kanthawi manja ali m'chiuno, kuyang'ana uku ndi uku, koma panalibe amene anawayang'ana. Anakonza chitenje chawo, n'kukhala pansi pambali pa mpandowo, nawonso n'kuyamba kuimba.